Nyale ya kasitima kakale ikakana kuyaka, musathamangire kugula babu

Ntchito yanga ndi kukonza mawailesi ndi mafoni pa Nchalo, koma chiyatsireni nyale ya kasitima koseweretsa kamagetsi ka agogo ena a ku Bangula, anthu akhala akundipeza ndi makatoni m'khwapa. Wina kake anasiyiridwa ndi bambo ake omwe ankaphikira azungu ku esiteti ya nzimbe, wina kanabwera ndi amalume kuchokera ku Johannesburg m'sutikesi yamalata, wina anangokatola pa kaunjika pakati pa zidole. Onse funso ndi limodzi: "Amisiri, babu la aka ndingalipeze kuti?" Pakamwa pauma ndi kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba pano kamodzi kokha.

Nthawi zambiri babu silinafe ayi. Chafa ndi njira yomwe magetsi amadzera popita ku babu ndi pobwerera. Tisitima timeneti tinapangidwira maiko ozizira, ndipo kuno kuchigwa takhala zaka makumimakumi pansi pa denga lamalata m'dzuwa la Okutobala, tina tinamira m'madzi osefukira a 2015 kapena a Freddy mu 2023. Labala wokutira waya amauma n'kumafumbutuka ngati chigumu chogona, ndipo dzimbiri limalowa pansi pa kasikuluwu kalikonse.

Sindidabwa kuti agogo amafunitsitsa kuti kayake. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo anthu a msinkhu wawo anakula akumva sitima ikulira usiku. Madzi atakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, zidzukulu zawo zambiri zinakula zikungoona zitsulo mu udzu.

Musanayambe sonkhanitsani izi: mita yoyezera magetsi, soldering iron (chitsulo chamagetsi chowotcherera mtovu) ya 25W kapena 30W, mtovu wowotcherera wokhala ndi utomoni m'kati ngati womwe timagwiritsa ntchito pa mawailesi, tisikuludiraiva, pulayala yosongoka kukamwa, sipiriti, labala wofufutira inki, batire la 12V la njinga yamoto kapena la sola, ndi babu limodzi la indiketa ya galimoto la 12V 21W.

1. Thiransifoma yakale isiyeni kaye pambali

Magetsi athu ndi a 230V. Thiransifoma (kabokosi kotsitsa magetsi a pakhoma) ya kasitima ka ku America, monga ka Lionel, inapangidwira magetsi a 110V mpaka 120V. Ine ndinaphunzira izi ndi mphuno. Ndinadula pulagi yamano awiri, n'kuvekapo yathu yamano atatu, n'kulowetsa pakhoma. Inang'ung'udza pang'ono, kenako shopu yonse inadzaza fungo la phula lopserera, mwiniwake ali chilili pakhomo akundiyang'ana. Sanakalipe. Anangoti, "Mwanawe, imeneyo inali ya malemu bambo anga." Kukalipa kukanakhala bwino.

Werengani kambale kachitsulo komwe kali pa thiransifomayo. Ngakhale kalembedwe 220V, pindani nthambo yake yopita kukhoma ndi zala. Ikang'ambika kapena ikamagwetsa tizidutswa, imeneyo ingaphe munthu, ndipo osewera ndi kasitima ndi ana. Ntchito yonse ya nyale tiichita ndi batire.

Batire nalo lili ndi ukali wake. Mawaya ake awiri akakhudzana, kawaya kopyapyala kamafiira nthawi yomweyo. Nchifukwa chake ndati mupeze babu la indiketa. Lilumikizeni pa waya wochokera ku + ya batire, kuti magetsi azidutsa m'babumo asanafike ku kasitima. Zonse zikakhala bwino, babu lalikululi silimayaka, kapena limangofiira pang'ono injini ikamazungulira, pamene nyale ya kasitima ikuwala. Pakakhala shoti, ndiko kuti mawaya agundana posayenera, babu la indiketa limawala kwambiri ndipo palibe chopsa. Ameneyu ndiye mlonda wanu, musamuchotse mpaka ntchito itatha.

2. Katembenuzeni, muone kuti magetsi amalowera pati

Dzina la kampani limakhala kunsi. Tomwe timapezeka kuno kawirikawiri ndi Lima ya ku Italy, Tri-ang ndi Hornby Dublo za ku Britain, Märklin ya ku Germany, ndi Lionel mwa apo ndi apo.

Lima ndi Tri-ang zimayenda pa njanji ziwiri ndi 12V DC, magetsi a mtundu wa batire. Amalowera ku mawilo a mbali imodzi n'kutulukira mbali inayo. Hornby Dublo, yomwe inayamba mu 1938, nayonso ndi 12V DC koma zakalezo zili ndi njanji yachitatu pakati, ndipo za njanji ziwiri zinadza mu 1959. Märklin ndi ya 16V AC, magetsi osinthasintha mbali ngati a pakhoma, ndipo kunsi kwake kuli kachitsulo kataliko pang'ono kokweza nsonga, komwe kamakhukhuluza pakati pa njanji. Lionel ndi yaikulu, njanji zake zimatalikirana mamilimita 32 pamene zinazi ndi 16.5, ndipo kunsi ili ndi timagudumu tiwiri tachitsulo totola magetsi, ofika cha m'ma 18V AC.

Pa tisitima tambiri ta njanji yapakati, waya wopita ku babu amakhala mmodzi yekha. Musavutike kusaka wachiwiri poganiza kuti anaduka. Thupi lachitsulo la kasitima ndilo waya wachiwiri. Magetsi amachoka ku babu, kudzera m'chibekete cha soketi, m'fulemu, m'mawilo, mpaka ku njanji zam'mbali. Musaiwale mfundo imeneyi, tibwereranso pamenepa.

Chinanso, mitu yambiri ya tisitima ta ku Britain ya nthawi imeneyo inalibe nyale yoyaka. Kali kutsogoloko ndi kachifanizo chabe kopakidwa penti. Ndinaonapo munthu ataboola mphuno ya kasitima ndi msomali wamoto kufunafuna babu lomwe silinakhalepo.

3. Tsegulani modekha ndipo jambulani

Yalani nsalu yoyera pa tebulo. Jambulani ndi foni musanachotse chilichonse, ndipo jambulaninso mukangovundukula. Masikuluwu ikani m'chivindikiro cha botolo.

Mabogi ambiri amalata sakhala ndi masikuluwu, amagwiridwa ndi timakutu topinda. Kakhutu kotere kamalola kupindidwa kawiri kapena katatu basi, kenako kamathothoka. Kawongoleni pang'ono pokwanira kutulutsa denga, osati kukaimika njo.

M'kati mupezamo za kwathu kuno: mazira a mphemvu, chisa chadothi cha mavu, kapena matope a makande ouma gwa. Kokotani ndi kamtengo ka machesi ndi mswachi wakale wouma. Musatsuke ndi madzi a pa mjigo. Mijigo yambiri kuno ku Chikwawa madzi ake ndi a mchere, ndipo sabata isanathe mupeza zonse zachita dzimbiri. Sipiriti ndi wa pazitsulo zodutsa magetsi zokha, pa penti amatha kusukulutsa. Maginito a injini ya Hornby Dublo kapena Tri-ang musawachotse, chifukwa akatuluka pamalo pake amafooka ndipo kasitima kayamba kuyenda ngati kadwala. Ife tabwerera nyale, injini isiyeni.

Mukaona fulemu yotuwa itatupa, ili ndi ming'alu ngati dothi la padambo m'chilimwe, dziwani kuti chitsulo chake cha zinc chikuwola chokha. Mankhwala ake palibe. Gwirani ngati dzira ndipo musamange sikuluwu mwamphamvu.

4. Yesani babu palokha

Mababu ake ndi amitundu iwiri: lopota ngati sikuluwu, ndi la timano tiwiri lomwe mumakankha n'kupotoza pang'ono. Likakana kutuluka, vekani kachidutswa ka chubu cha njinga pagalasi kuti zala zigwire, osakoka ndi pulayala. Ikani waya mmodzi wa batire pa kadontho ka mtovu kunsi, winayo m'mbali. Babu la 18V limayaka mofooka pa 12V, koma limayaka. Likayaka, lisungeni bwino, mwapulumutsa ulendo wa ku Limbe.

5. Tsatani njira ndi mita

Ikani mita pomwe imalira nsonga zake zikakhudzana. Nsonga imodzi ikhale pa chotolera magetsi kunsi kwa kasitima, inayo pa kachitsulo kapakati m'soketi ya babu. Iyenera kulira. Kenako chibekete cha soketi ndi wilo lachitsulo, iyeneranso kulira. Uku mukuyeza, gwedezani waya ndi kamtengo. Kulira kukamadukiza, waya waduka m'kati mwa chikutiro chake ngakhale kunja akuoneka wamoyo.

Mukayeza pakati pa kachitsulo kapakati ndi fulemu, mita ikhoza kulira popanda shoti, chifukwa magetsi akudutsa mu injini. Kuti musanamizidwe, masulani kaye waya wa nyale pomwe walumikizidwa ndi wa injini.

6. Sinthani waya yense, osati kuphatika

Waya wakale akayamba kufumbutuka pamalo amodzi, ndiye kuti yense wapita. Kukulunga tepi yakuda ndi kudzinamiza, chifukwa kutentha kwa kuno kumasungunula ulimbo wake ndipo imavukuka yokha m'miyezi yochepa.

Waya wabwino muli naye kale. Ng'ambani nthambo ya mouse ya kompyuta kapena ya USB yakufa, mupeza tiwaya tofewa ta tiulusi tambiri. Waya wa kachitsulo kamodzi kolimba sayenera, makamaka wopita ku mawilo omwe amakhotakhota, amathyoka msanga. Wa mahedifoni ndi wopakidwa vanishi ndipo amavuta kuwotcherera.

Pomwe waya wadutsa m'kabowo kobisika, musamusolole wakaleyo. Wotchererani watsopano kunsonga kwake, ndiye mukoke wakale kuti akokere watsopano m'njira yomweyo. Sinthani mmodzi, mumalize, kenako wina. Siyani kautali pang'ono kuti mawilo azitembenuka osakoka, koma osati kochuluka kofika pa magiya.

7. Kachitsulo kapakati pa soketi

Apa ndiye pamene ambiri amagwa, ndipo ofotokoza ambiri amangoti "wotchererani waya ku soketi" ngati ndi chinthu chapafupi.

Suzumirani m'soketi ndi tochi. Pansi pake pali kambale kozungulira kofiirira, kakang'ono ngati njere ya mphodza yaikuluko, kopangidwa ndi fibre, chinthu chonga katoni yolimba chosadutsa magetsi. Pakati pake pali kamkuwa koboola, ndipo waya amathera m'menemo ndi kadontho ka mtovu. Kadontho kameneko ndiko kamakhudza kunsi kwa babu. Kambaleko ntchito yake ndi kulekanitsa kamkuwa ndi chibekete cha soketi. M'masoketi a babu la timano, pansi pa kambale pamakhalanso kasipuling'i kokankhira babu m'mwamba.

Cholakwa chachikulu ndi kulowetsa soldering iron m'soketi momwemo. Kambale kamapserera n'kusanduka khala, khala limadutsa magetsi, ndiye muli ndi shoti yosaoneka ndi maso. Kasipuling'i nako kakatenthedwa kamafooka osabwereranso. Ngati soketi yakhazikika m'pulasitiki, pulasitikiyo amayamba kufewa cha pa 100°C pamene mtovu umafuna kuposa 180°C kuti usungunuke.

Chitani chonchi. M'masoketi ambiri kambale sikomatidwa. Kankhani waya wakale kuchokera kunsi, ndipo kambale katulukira kukamwa kwa soketi kali lende pa waya. Dulani wayayo. Kasipuling'i katsale m'kati, kapena ngati katuluka, kasungeni pomwe simungakapumire, kamauluka.

Gwirani kamkuwa ndi pulayala kuti pulayalayo izimwa kutentha. Gusani ndi soldering iron, musolole kotsala ka waya wakale, ndipo mtovu ukadali wamadzi bowolani ndi singano kuti kabowo katseguke. Dikirani kazizire.

Tsopano lowetsani waya watsopano kuchokera kunsi kwa soketi, adutse m'kati mwa kasipuling'i, atulukire kukamwa. Izi zichitike musanawotcherere. Ndawotchererapo bwinobwino kangapo konse, n'kuzindikira kuti kasipuling'i kali phee pa tebulo. Sendani mamilimita awiri kapena atatu okha, potani tiulusi tonse pamodzi, pakani mtovu pang'ono, lowetsani m'kamkuwa mpaka chikutiro cha waya chigunde kunsi kwa kambale. Pasatsale mkuwa wamaliseche kunsiko. Kaulusi kamodzi kopatuka, kopyapyala ngati tsitsi, n'kokwanira kukhudza chibekete.

Wotchererani mwachangu. Werengani kufika katatu, muchotse. Ukakana kugwira, musaumirire ndi moto, dikirani kazizire, palani kamkuwa ndi mpeni mpaka kawale, muyesenso. Kadontho kake kakhale kozungulira ndi kosalala ngati njere ya mapira. Kakasongoka kamakumba kunsi kwa babu, kakakula kwambiri babu la timano silikhoma. Kasalazeni ndi kafayilo ka zikhadabo.

Kokerani waya m'munsi pang'onopang'ono mpaka kambale kakhale pamalo pake. Kadineni ndi kamtengo ka machesi. Ngati muli kasipuling'i, kayenera kutsika n'kubwerera kokha.

Kambale kakakhala kopserera kale, kapangeni kena. Ine ndimadula ku bolodi yofiirira ya wailesi yakale, pamalo opanda mkuwa, n'kuizunguliza ndi fayilo mpaka ilowe mosakakamiza. SIM card kapena chivindikiro cha botolo musayese, zimasungunuka ndi kutentha kwa babu lenilenilo. Ndipo musabwereke asidi kwa okhoma zidebe kuti mtovu ugwire msanga. Umagwiradi, koma pakatha miyezi ingapo waya yense amabiriwira n'kuduka.

8. Njira yobwerera

Kumbukirani kuti thupi la kasitima ndilo waya wachiwiri. Chibekete cha soketi chimagwira kachitsulo kokhota, kachitsuloko kamamangidwa ku fulemu, fulemu imakhudza ekiselo, ekiselo imakhudza mawilo. Pamfundo iliyonse dzimbiri kapena girisi wouma akhoza kutseka njira. Nyale yophethira ngati chiphaniphani vuto lake limakhala kuno.

Masulani kasikuluwu kogwira soketi, palani pansi pake mbali zonse ziwiri mpaka chitsulo chiwale, mumangenso. Ngati anakhomerera ndi riveti ndipo ikugwedera, wotchererani kawaya pa chibekete cha soketi mukafikitse ku sikuluwu ina ya pa fulemu. Musataye nthawi kuwotcherera pa fulemu yotuwa ija, mtovu wa wailesi sugwirapo. Pindani nsonga ya waya ngati mphete, muipake mtovu, muipanikize pansi pa mutu wa sikuluwu.

Mawilo ndi njanji pukutani ndi kansalu ka sipiriti, pouma litsiro pakani labala wa inki. Sandipepa amachotsa chikutiro chonyezimira cha njanji zamalata ndipo dzimbiri limabwera mowirikiza. Waya wotsukira mapoto ndiye woipitsitsa, tizidutswa take timakokedwa ndi maginito n'kudzaza mu injini.

9. Ngati babu linafadi

Babu la tochi yakale ya mabatire aakulu limalowa bwinobwino m'soketi yopota ya mamilimita 10, yomwe amaitcha E10. Koma ndi la 2.5V kapena 3.8V, limangoti ng'ani kamodzi basi. Tisitima tating'ono timafuna lochepera, la E5.5. Lamulo langa ndi lakuti nambala ya pa babu isachepere magetsi a kasitima. Pa Lionel funani la 18V, limatentha pang'ono ndipo limakhalitsa kuposa la 14V. Pa Märklin funani la 19V, chifukwa thiransifoma yake imatumiza magetsi okwana cha m'ma 24V kwa kamphindi pofuna kuti kasitima kabwerere m'mbuyo, ndipo babu la 12V silipirira. Timababu ta pa dashibodi ya njinga yamoto timalowa m'soketi ya timano, koma la 4W limapinditsa pulasitiki, ndipo ndi la 12V basi.

Mababu amenewa amavuta kupeza, ndiye ambiri timathawira ku LED, timababu tamakono tating'ono topanda kaulusi m'kati. Sankhani yowala mwachikasu. Yoyera mbee imachititsa kasitima ka 1955 kuoneka ngati minibasi. LED siilumikizidwa yokha. Ikani resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi) ya 1k pa mwendo wake umodzi, ndipo onjezani diode (kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) ya 1N4007 pamzere womwewo, yoyang'ana mbali imodzi ndi LED, kuti magetsi obwerera m'mbuyo asaiphe. Zonsezi mungazichotse pa bolodi ya wailesi kapena ya charger yakufa. Pa kasitima ka AC iyaka nthawi zonse. Pa ka DC iyaka kakamapita mbali imodzi yokha, zomwe ndi zabwino pa nyale yakutsogolo. Ikayaka kakubwerera m'mbuyo, tembenuzani mawaya. Nyale ya m'bogi, yomwe iyenera kuyaka mbali zonse, imafuna ma diode anayi olumikizidwa ngati bridge, ndiko kuti moti magetsi azifika ku LED mbali imodzimodzi ngakhale atembenuke.

Soketi yakale musaizule. Ine ndimaphwanya galasi la babu lakufa, kuyeretsa kachibekete kake, n'kumangira LED m'menemo, mwendo umodzi pakati wina m'mbali, resistor ndi diode n'kuzibisa pa waya kunsi. Tsiku lomwe babu lenileni lidzapezeke, mudzangochotsa ziwirizo n'kulipotera.

10. Yesani musanatseke, muyesenso mutatseka

Mlonda uja akadali pamzere, gusitsani mawaya pa chotolera magetsi ndi pa wilo. Nyale iyake, babu la indiketa lisawale. Tembenuzani mawilo uku ndi uku, gogodani fulemu ndi chala, muone ngati ikuphethira. Isiyeni iyake mphindi zisanu, kenako gwirani pamwamba pomwe babu layandikira thupi. Pakatentha moti chala sichikhalapo, babulo ndi lamphamvu kwambiri.

Potseka ndi pamene waya amapanidwa pakati pa thupi ndi fulemu. Suzumirani m'mbali musanamange masikuluwu, ndipo mukamanga yesaninso. Babu la indiketa likawala tsopano pamene poyamba silinawale, tsegulani, mupeza waya ali ndi kachipsera pomwe anapanidwa.

Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima, chifukwa mtovu ndi poizoni ndipo penti wa zidole zakale nthawi zina amakhala nawo. Posunga, kakulungeni m'nsalu yathonje youma, osati m'jumbo momwe kamachita thukuta, ndipo katoni yake ikhale pamwamba pa kabati, patali ndi malata komanso pomwe madzi anafika ulendo watha.